Sidi Mubarak Bombay: Mwana wa Chiyao amene adagulitsidwa ku India n'kubwerako



Ife okhala kuno ku Kanjedza tikatsikira m'tauni ya Limbe timakumana ndi Amwenye tsiku ndi tsiku, m'masitolo, m'maholoselo, ndiponso pa mzere umodzi mu mzikiti tsiku la Jumu'ah. Ngakhale mwana amadziwa kuti makolo a abale athuwa adachokera ku India, ambiri a iwo ku chigawo cha Gujarat, n'kudzakhazikika kuno. Koma ndikafunsa ana a Fomu 3 ngati adamvapo za anthu akuda amene adachoka kuno kupita ku Gujarat komweko, kalasi yonse imangoti zii. Chonsecho anthuwo adalipo, ndipo zidzukulu zawo zilipo mpaka lero. Kumeneko amatchedwa Asiddi. Ambiri mwa makolo awo adapitako atamangidwa, ndipo sadaonenso kwawo.

Lero ndikufuna ndikufotokozereni mbiri ya mmodzi mwa ochepa amene adabwerako. Adali Myao, ndipo mabuku amamudziwa ndi dzina loti Sidi Mubarak Bombay. Mbiri yake ndi yodzadza ndi maulendo, mafumu ndi nyanja zikuluzikulu, koma idayamba ndi chinthu chimene banja lililonse la m'mbali mwa nyanja limachidziwa bwino: ngongole yotengedwa chaka cha njala.

Ngongole ya chaka cha njala

Bombay adabadwa cha m'ma 1820 m'dziko la Ayao, pakati pa Nyanja ya Malawi ndi nyanja ya mchere, chakufupi ndi mtsinje wa Ruvuma umene lero ndi malire a Mozambique ndi Tanzania. Za ubwana wake timazidziwa chifukwa iye mwini adazifotokozera Mngerezi wina, John Hanning Speke, amene adazilemba. Mayi ake adamwalira iye ali wakhanda, moti adaleredwa ndi bambo ake.

Masiku amenewo amalonda Achiswahili ochokera ku gombe ankalowa m'dziko la Ayao ndi nsalu ndi mikanda, n'kumabwerera ndi minyanga ya njovu komanso anthu. Chaka china kutagwa njala, anthu a m'mudzi wa Bombay adatenga nsalu ndi mikanda pa ngongole kwa amalondawa kuti akasinthanitse ndi chakudya. Njalayo idatha koma ngongole idatsala. Mwanayu atafika zaka pafupifupi 12, gulu lalikulu la amalonda ndi akapolo awo lidafika mwadzidzidzi litanyamula mfuti ndi malupanga, n'kuzungulira mudzi wonse. Adafuna kuti ngongole zonse zibwezedwe pomwepo. Anthu sakadakana kuti adakongola, koma chobweza adalibe, ndipo mauta sakadalimbana ndi mfuti. Mudzi wonse udabalalika kuthawira kuthengo. Ambiri adagwidwa, kuphatikizapo mnyamatayu. Kuyambira tsiku limenelo sadamvenso za bambo ake kapena m'bale wake aliyense.

Ogwidwawo adawamanga ndi zingwe ndi maunyolo n'kuwayendetsa pansi mpaka ku doko la Kilwa. Njira ya ku Kilwa ndi yomweyo imene anthu ambiri ochokera m'mbali mwa nyanja yathu adadzera m'zaka zotsatira, kuchokera ku Nkhotakota kwa Jumbe, kwa Makanjira ndi kwa Mponda. Pa Kilwa adawakweza m'zombo zamatanga kupita ku chilumba cha Zanzibar, kumene kudali msika waukulu wa akapolo. Pamsikapo wamalonda wina adamugula mnyamatayu n'kuwoloka naye nyanja kupita kumadzulo kwa India. Dzina limene bambo ake adamupatsa lidatsala m'njira. Mbuye wake adamutcha Mubarak, dzina la Chiarabu lotanthauza wodalitsidwa.

Anthu akuda amene adawapeza ku India

Ulendo wa pakati pa Zanzibar ndi India sudali wachilendo. Mphepo ya pa nyanjayi imasintha kawiri pachaka. Kuyambira cha mu November imakankha zombo kuchokera ku India ndi ku Arabia kubwera ku gombe la Africa, ndipo kuyambira cha mu April imazibweza. Kwa zaka mazanamazana zombozi zinkabweretsa nsalu ndi mikanda, n'kumatenga minyanga, golide ndi anthu. Motero Mubarak atafika ku India adapeza anthu a khungu ngati lake atakhazikika kalekale.

Amwenye ankawatchula anthuwa ndi maina awiri. Loyamba ndi Habshi, lochokera ku Habasha, dzina la Chiarabu la dziko la Ethiopia, lomwe Asilamu timalidziwa chifukwa cha msamuko woyamba wa Maswahaba ndiponso chifukwa cha Bilal (Allah asangalale naye). Lachiwiri ndi Sidi kapena Siddi, lomwe ambiri amati lidachokera ku mawu a Chiarabu aulemu otanthauza bwana wanga. Ili ndiye dzina limene lidamatiridwa kutsogolo kwa Mubarak.

Si onse mwa anthuwa adali akapolo, ndipo si onse amene adafera mu ukapolo. Ena adapita ngati amalinyero, amalonda ndi asilikali. Malik Ambar, amene adabadwira ku Ethiopia mu 1548, adagulitsidwa ali mwana, nadzera ku Yemen ndi ku Baghdad mpaka kukafika ku India. Atamasuka adasonkhanitsa gulu lake la nkhondo, nakhala mwini mphamvu mu ufumu wa Ahmadnagar, ndipo adatchinga mafumu amphamvu a Mughal, Akbar ndi Jahangir, kuti asameze dzikolo kufikira imfa yake mu 1626. Mzinda umene adaukhazikitsa ndi umene pambuyo pake udatchedwa Aurangabad. Pa chilumba cha Janjira, kumwera kwa Bombay, mafumu Achisiddi adalamulira kwa zaka mazana kufikira 1948. Mu mzinda wa Ahmedabad ku Gujarat muli mzikiti wa Sidi Saiyyed, womangidwa cha m'ma 1573, wotchuka ndi mazenera a miyala yosemedwa ngati nthambi za mtengo, ndipo adaumangitsa ndi munthu wochokera ku Africa.

Koma nthawi ya Mubarak zinthu zidali zitasintha. Akapolo ambiri tsopano ankachokera kumwera, ku maiko a Ayao, Amakua, Anyanja ndi mitundu ina yoyandikana nayo. Apwitikizi ankawatenga ku Mozambique kupita nawo ku Goa, Daman ndi Diu. Amalonda Achiarabu ndi Achimwenye ankawatsitsa m'madoko a Kutch ndi Kathiawar. Ambiri adali ana, ndipo ntchito yawo idali ya m'nyumba, ya ulonda, ya m'zombo, kapena kungokhala chizindikiro choti mbuye wawo ndi wolemera. Mubarak adali mmodzi wa amenewa. Adatumikira mbuye wake kwa zaka zambiri ndipo adaphunzira Chihindustani, chiyankhulo cha m'misika ndi m'misasa ya asilikali ku India.

Malamulo a Angerezi ndi ufulu wa Mubarak

M'zaka zimenezo mbali yaikulu ya India idali m'manja mwa kampani ya Angerezi yotchedwa East India Company. M'sukulu timaphunzitsa kuti Britain idathetsa ukapolo m'maiko ake ndi lamulo la 1833. Chimene sichinenedwa kawirikawiri n'choti lamulolo lidapatula dala madera olamulidwa ndi kampaniyi. India idadikira mpaka 1843, ndipo ngakhale lamulo la chaka chimenecho silidatsegule makomo kuti akapolo atuluke. Lidangoletsa makhoti kuzindikira kuti munthu ndi katundu wa mnzake. Kusunga ndi kugulitsa kapolo kudasanduka mlandu weniweni pansi pa lamulo la milandu la 1860. Komanso madera ambiri, monga Kutch, Junagadh ndi Hyderabad, adali ndi mafumu awoawo, pamene Goa, Daman ndi Diu adali a Apwitikizi, moti malamulowa sankafikako mwachindunji. Nawo mapangano a Angerezi ndi Sultan wa Oman ndi Zanzibar, a 1822 ndi 1845, adangochepetsa njira zimene zombo za akapolo zinkaloledwa kudutsa, koma msika wa ku Zanzibar udapitirira kugwira ntchito.

Choncho Mubarak sadamasulidwe ndi lamulo la boma. Adamasuka mbuye wake atamwalira. Akadatha kutsala ku India monga adachitira anzake ambiri, kukwatira konko n'kusanduka mmodzi wa makolo a Asiddi a lero. Iye adasankha kukwera chombo kubwerera ku Africa. Kumudzi kwawo kudalibe woti akamulandire, motero adaima pa Zanzibar, pomwe adagulitsidwira paja, n'kulowa usilikali wa Sultan Seyyid Said. Anthu adayamba kumutchula Bombay, dzina la mzinda waukulu wa ku gombe la India umene lero ndi Mumbai. Adamutumiza ku kamsasa ka asilikali kotchedwa Chogwe, m'mbali mwa mtsinje wa Pangani, komwe malipiro adali ochepa ndipo chakudya chidali chosakwana.

Chiyankhulo cha ku ukapolo chimutsegulira khomo

Mu February 1857 pa Chogwe padafika Azungu awiri, Richard Burton ndi John Hanning Speke. Bungwe la ku London loona za maiko ndi mapu, la Royal Geographical Society, lidawatuma kukafufuza nyanja za pakati pa Africa ndi gwero la mtsinje wa Nile. Onse awiri adagwirapo usilikali ku India. Burton ankadziwa Chiarabu ndi ziyankhulo zina zambiri, koma Speke sankatha kuyankhula bwino Chiarabu kapena Chiswahili. Chimene ankadziwa ndi Chihindustani. Pakati pa asilikali a pa Chogwe adapeza munthu mmodzi woti angamvane naye, ndipo adali Bombay. Chiyankhulo chimene adachiphunzira m'nyumba ya ukapolo ndi chimene chidamupatsa ntchito ya moyo wake wonse.

Ulendo udanyamuka ku gombe, pafupi ndi Bagamoyo, mu June 1857. Tisaganize kuti Azunguwa ankaboola thengo losayendamo munthu. Ankatsata njira za amalonda zimene Anyamwezi, Aswahili ndi Aarabu adaziponda kwa zaka zambiri. Vuto la ulendo wotere lidali anthu. Pankafunika kulemba amtengatenga, kuwagawira nsalu ndi mikanda yogulira chakudya, kuwabweza akathawa, ndi kukambirana ndi mfumu iliyonse za msonkho wodutsira m'dziko lake, umene unkatchedwa hongo. Mfumu ina inkasunga alendo masabata angapo kufikira itakhutira. Pa zonsezi pankafunika munthu wodziwa kuyankhula, woleza mtima komanso wosaba katundu wa ulendo. Bombay adayamba ngati wonyamula mfuti ndi womasulira wa Speke, koma posakhalitsa zambiri mwa ntchitozi zidagwera pa iye.

Adafika ku Kazeh, komwe lero ndi Tabora, mu November 1857, ndipo mu February 1858 adaona nyanja ya Tanganyika pa Ujiji. Pofika apo Burton miyendo idali itafooka moti ankachita kunyamulidwa, ndipo Speke maso adali atatupa osatha kuona bwino. Pobwerera, Burton adatsala pa Kazeh, koma Speke adatenga Bombay ndi gulu lochepa kulowera kumpoto. Kumayambiriro kwa August 1858 adaima m'mbali mwa nyanja yaikulu, pafupi ndi pomwe pali mzinda wa Mwanza lero. Eni dera ankaitchula Nyanza, mawu achibale ndi athu akuti nyanja. Speke adaipatsa dzina la mfumukazi ya kwawo, Victoria. Zonse zimene adamva kwa anthu a m'deralo zokhudza kukula kwa nyanjayi zidadzera pakamwa pa Bombay.

Kutsata Nile mpaka ku Cairo

Speke adakhulupirira kuti Nile imachokera m'nyanja imeneyi, koma Burton adatsutsa. Pofuna umboni, Speke adabweranso mu 1860 pamodzi ndi James Grant, ndipo adatenganso Bombay. Adanyamuka ndi anthu pafupifupi 200. Ulendowu udali wowawa kuposa woyamba. Kudali njala ndi nkhondo m'njira, amtengatenga ankathawa, ndipo mafumu ena ankalipiritsa hongo yaikulu. Nthawi zambiri ulendo ukaima, Bombay ndiye ankatumidwa, kaya kubwerera m'mbuyo kukafuna anthu ndi katundu, kaya kutsogola kukapempha njira kwa mfumu.

Chakumapeto kwa 1861 adafika kwa mfumu Rumanika ya ku Karagwe, imene idawalandira bwino. Mu February 1862 Speke adalowa ku likulu la Kabaka Mutesa wa ku Buganda, mfumu yachinyamata yomwe inkatha kulamula kuti munthu aphedwe pa cholakwa chaching'ono. Kwa miyezi ingapo Bombay ankayenda pakati pa msasa ndi bwalo la mfumu, kunyamula mauthenga ndi mphatso. Pamalo otere mawu amodzi omasuliridwa mosasamala akadatha kuphetsa gulu lonse. Pa 28 July 1862 adafika pamene madzi a nyanja ija amatulukira n'kuyamba mtsinje, pafupi ndi tauni ya Jinja ya lero. Speke adatcha malowo Ripon Falls, kulemekeza mkulu wina wa bungwe lija la ku London.

Kenako mfumu Kamurasi ya ku Bunyoro idawasunga kwa nthawi yaitali. Bombay adatumidwanso kutsogola kumpoto kukaona ngati njira ilipo, ndipo adabwera ndi uthenga umene udathandiza kuti ulendo upitirire. Mu February 1863 adafika ku Gondokoro, m'dziko limene lero ndi South Sudan, n'kutsika ndi mtsinje kudzera ku Khartoum mpaka ku Cairo. Mwa amuna onse amene adanyamuka ku gombe, 18 okha ndi amene adafika ku Cairo, ndipo kapitawo wawo adali Bombay. Iye ndiye adawatsogolera pa sitima ya pamadzi kubwerera ku Zanzibar.

Speke adamuyamikira kwambiri m'zolemba zake. Koma Speke yemweyo adamumenyapo pa ulendowu pamene adasemphana za nthawi yonyamukira, ndipo Mzungu wina amene adadzamulemba ntchito pambuyo pake adalemba kuti mano akutsogolo a Bombay adaguluka ndi chibakera cha Speke. Munthu amene ulendo wonse unkadalira nzeru zake ankaonedwabe ngati wantchito woti akhoza kumenyedwa.

Ayao awiri akumana pa Ujiji

Mzungu ameneyo adali Henry Morton Stanley, mtolankhani amene adafika ku Zanzibar mu 1871 kudzafunafuna David Livingstone. Stanley adalibe luso la maulendo a mu Africa, choncho adafunafuna anthu amene adayenda ndi Speke, naika Bombay kukhala mkulu wa asilikali a ulendo. Adanyamuka ku Bagamoyo mu March 1871. Pa Tabora adapeza nkhondo pakati pa amalonda Achiarabu ndi mfumu Mirambo ya Anyamwezi, moti njira yachidule idali yotsekeka ndipo adachita kuzungulira chakumwera. Stanley adali waukali. Bombay, bambo wa zaka pafupifupi 50, adakwapulidwa ndi kumangidwa unyolo m'njiramo. Komabe chakumapeto kwa chakacho ulendo udafika pa Ujiji n'kumupeza Livingstone.

Mabuku amakamba za kugwirana chanza kwa Azungu awiriwo. Kwa ife palinso china. Pakati pa anyamata a Livingstone padali Chuma, nayenso Myao. Chuma adali mmodzi wa akapolo amene adamasulidwa mu July 1861 konkuno ku mapiri a Shire, pamene Livingstone ndi Bishop Mackenzie adayamba kudula magoli a akapolo pa mudzi wa Mbame, kumwera kwa mzinda wa Blantyre wa lero. Mu 1864 Livingstone adawoloka naye nyanja pa kasitima kotchedwa Lady Nyassa n'kukamusiya pa sukulu ya mishoni mu mzinda wa Bombay. Choncho pa Ujiji padakumana Ayao awiri, onse ogwidwa ali ana, onse okhalapo ku India, aliyense akusamalira Mzungu wake.

Mu 1873 Bombay adalembedwanso ntchito ndi Verney Lovett Cameron, amene adatumidwa kukathandiza Livingstone. Ali pa Tabora mu October chaka chimenecho, adafika Chuma yemwe uja ndi kalata yonena kuti Livingstone adamwalira kwa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia, ndipo anyamata ake akubwera atanyamula mtembo. Kalatayo adailemba ndi Jacob Wainwright, wophunzira wa ku Nasik ku India, komwe amishoni ankasungira ana a ku Africa olanditsidwa m'zombo za akapolo. Mtembo udapitirira ku gombe, koma Cameron adasankha kulowera kumadzulo. Adazungulira mbali ya kumwera ya nyanja ya Tanganyika, nafika ku Nyangwe pa mtsinje wa Lualaba, nadutsa dziko la Aluba, ndipo mu November 1875 adatulukira ku nyanja ya Atlantic pafupi ndi Benguela ku Angola, anthu atatheratu ndi njala ndi matenda.

Cameron adadandaula kuti Bombay adali atakalamba, kuti mphamvu zake pa anthu zidali zitachepa, komanso kuti ankamwa mowa. Sitikulemba mbiri ya munthu wopanda zolakwa, ndipo sitingabise zimenezi. Koma munthu yemweyo adali atatsata Nile mpaka ku Cairo, ndipo tsopano adali atadutsa Africa kuchokera kum'mawa mpaka kumadzulo ndi mapazi ake. M'nthawi yake adali ochepa kwambiri, akuda kapena oyera, amene adaona mbali zambiri za Africa kuposa iye.

Masiku omaliza

Mu 1876 bungwe la Royal Geographical Society lidamupatsa mendulo ya siliva ndi penshoni. Ku London sadaitanidweko. Pa mapu padalembedwa maina a mfumukazi, a akuluakulu a bungwe ndi a Azungu amene iye adawatsogolera. Adamwalira mu 1885, ali ndi zaka pafupifupi 65.

Adakhala ndi moyo mpaka kuona msika umene adagulitsidwirapo ukutsekedwa. Mu June 1873 Sultan Barghash adasaina pangano lotseka msika wa akapolo wa ku Zanzibar, atakakamizidwa ndi Angerezi. Koma kuno kwathu malondawa adapitirira kwa zaka zina zoposa 20, kufikira nkhondo za m'ma 1890 zimene zidathera pa kugonja kwa Makanjira ndi Jalasi, ndi kunyongedwa kwa Mlozi ku Karonga mu December 1895. Chinanso n'choti chaka chimene Bombay adamwalira ndi chomwe msonkhano wa ku Berlin udatha, pamene maiko a ku Ulaya adagwirizana za kagawidwe ka Africa. Mapu amene iye adathandiza kujambula adathandiza kuthetsa malonda a akapolo, ndipo mapu omwewo adathandizanso atsamunda kulanda maiko. Zonse ziwirizi ndi zoona.

Amene sadabwerere

Anzake amene adatsala ku India ndi makolo a Asiddi a lero. Ku Gujarat amapezeka m'midzi monga Jambur, pafupi ndi nkhalango ya Gir, ndipo ambiri ndi Asilamu. Amalemekeza kwambiri Bava Gor, munthu wa ku Africa amene manda ake ali pafupi ndi Ratanpur. Ku Karnataka amakhala m'nkhalango za boma la Uttara Kannada, komwe makolo awo ambiri adathawira kuchokera kwa Apwitikizi ku Goa, ndipo kumeneko kuli Asilamu, Akhristu ndi Ahindu. Ku Hyderabad kuli zidzukulu za asilikali okwera pa akavalo amene ankalondera mfumu ya kumeneko. Ku Pakistan amatchedwa Sheedi ndipo ambiri ali ku Karachi ndi madera a m'mbali mwa nyanja.

Anthuwa amayankhula Chigujarati, Chikonkani, Chikannada kapena Chiurdu. Ziyankhulo za makolo awo zidatayika. Koma gule wawo wa ku Gujarat amatchedwa goma, ndipo Mmalawi safunika womasulira kuti amve mawu akuti ng'oma m'menemo. Ambiri a iwo ndi osauka, ndipo ngakhale makolo awo akhala m'dzikomo zaka mazana, amakumanabe ndi anthu owafunsa kuti adachokera kuti. N'kutheka kuti ena mwa iwo ndi abale athu enieni, a magazi amodzi ndi mabanja a ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota.

Zimene mbiriyi ikutiuza

Pali mfundo imene ife Asilamu sitiyenera kuizemba. Ambiri mwa amalonda a ku gombe amene ankagwira ndi kugulitsa anthu ankadzitcha Asilamu, ndipo mafumu ena a makolo athu adalemera ndi malondawa. Azungu nawo adali ndi mbali yawo yaikulu, koma tchimo la wina silifafaniza la mnzake. Ana athu akawerenga zimenezi kusukulu n'kutifunsa, tisawayankhe mokalipa kapena mobisa. Tiwauze kuti zidachitikadi, ndipo zidali zosemphana ndi chiphunzitso chimene anthuwo ankati amatsata. Mu Hadith imene ili m'buku la Imam Bukhari, Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adatidziwitsa kuti munthu wogulitsa mfulu n'kudya mtengo wake ali m'gulu la anthu atatu amene Allah mwini adzakhala wotsutsana nawo tsiku la Qiyaamah. Surat Al-Baqarah, ayah 280, imalamula kuti wangongole amene ali pa mavuto apatsidwe nthawi, ndipo imanena kuti kumukhululukira ndi kwabwino koposa. Mu Surat At-Tawbah, ayah 60, akapolo ofuna kumasuka ndi anthu olemedwa ndi ngongole adatchulidwa moyandikana pakati pa oyenera kulandira Zakaat. Amene adazungulira mudzi wa Bombay adaphwanya zonsezi tsiku limodzi.

Msika wa ku Zanzibar udatsekedwa, koma njira yochokera pa ngongole kupita ku ukapolo idakalipo. Tonse tidamva pa wailesi za amayi a ku Malawi amene adalonjezedwa ntchito zabwino ku Oman, n'kukalandidwa mapasipoti ndi kuuzidwa kuti sangachoke asadabweze ndalama zimene bwana adawonongera pa iwo. Timadziwa za anyamata opita ku Joni pa ngongole, amene amasungidwa ndi owanyamula kufikira abale atalipira. Timadziwa za makolo amene katapila wa mwezi wa February amawakakamiza kuchotsa mwana pa sukulu kuti akagwire ntchito m'tauni kapena akakwatiwe asadakhwime. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2015 lothana ndi kuzembetsa ndi kugulitsa anthu, koma lamulo limafika mwana atapita kale. Amene angafike msanga ndi ife: wokongoza amene amadikira m'malo molanda, komiti ya pa mzikiti imene imadziwa banja lomwe lagona ndi njala n'kulifikira ndi Zakaat, ndi kholo limene limafunsa mafunso ovuta lisadapereke mwana kwa munthu wolonjeza ntchito kunja.

Bambo ake a Bombay adangofuna kudyetsa mwana wawo chaka cha njala. Mwanayo Allah adamusunga, namubweza, ndipo dzina lake lidalembedwa. Anzake amene adamangidwa naye chingwe chimodzi pa njira ya ku Kilwa palibe adawalemba. Tikamawaphunzitsa ana athu za Speke, Stanley ndi Livingstone, tiwauzenso za Myao amene ankayenda patsogolo pawo, ndi za abale athu Asiddi amene akuimbabe ng'oma kutsidya kwa nyanja.

Allah atiteteze ku ngongole yolemetsa ndi ku kuponderezedwa ndi anthu, ndipo atiteteze kuti ifenso tisapondereze ena. Aameen.